Phunziro la Zaumoyo: Mwana Wosakhazikika ndi Kasamalidwe ka Mankhwala Ake



Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa teremu yathayi panatuluka nkhani ziwiri zimene sitinazimalize chifukwa nthawi ya swala ya Asr inali itakwana. Yoyamba inachokera kwa kholo lina limene lili ndi mnyamata wosakhazikika. M'kalasi sakhala pansi, kumadrasa mwalimu watopa naye, ndipo kunyumba ndodo zatha koma palibe chasintha. M'bale wawo wa ku Joni anawauza pafoni kuti kumeneko ana otere amamwa mapilitsi otchedwa Ritalin, ndipo analonjeza kuwatumizira botolo kudzera kwa onyamula katundu. Funso linali lakuti, mapilitsiwo akafika ampatse mwanayo? Nkhani yachiwiri inachokera kwa ife aphunzitsi. Tamva ophunzira ena a Fomu 4 akunong'onezana za "mapilitsi a nzeru" amene akuti munthu akamwa amawerenga usiku wonse osasinza.

Nkhani ziwirizi zikukamba za mankhwala amodzimodzi. Yankho lathu lachidule kwa kholo lija ndi lakuti musampatse mwana mapilitsiwo dokotala asanamuone. Kwa ophunzira, yankho ndi lakuti mapilitsi a nzeru kulibe. Zifukwa zake ndi zimene tafotokoza m'phunziroli. Tikupempha kuti muwerenge pamodzi monga banja, ndipo amene amadziwa kuwerenga awerengere agogo ndi ena onse amene amalera ana.

1. Vutoli ndi lotani?

Madokotala amalitchula mwachidule kuti ADHD. M'Chichewa tinganene kuti ndi vuto la kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika, ndi kuchita zinthu mopupuluma. Limaoneka m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kubalalika kwa maganizo. Mwana amayamba ntchito koma saimaliza. Mwamutuma mchere kugolosale, iye akubwera ndi machesi, kapena osabwera n'komwe chifukwa panjira anapeza anzake akusewera mpira. Makope, zolembera ndi chenje zimatayika pafupipafupi. Mukamalankhula naye amaoneka ngati sakumva, chikhalirecho makutu ake ali bwinobwino.

Njira yachiwiri ndi kusakhazikika kwa thupi. Amangotakataka, kugwedeza miyendo, kudzuka pampando phunziro lili m'kati, ndi kulankhula mosalekeza.

Njira yachitatu ndi kupupuluma. Amayankha funso lisanathe, amadula ena mawu, salola kudikira pamzere wa pamjigo, ndipo amatha kudumpha msewu wa ku Mchinji osayang'ana uku ndi uku.

Ana ena ali ndi zonse zitatu, ena ali ndi yoyamba yokha. Atsikana ambiri amene ali ndi vutoli sasokosa. Amangokhala duu kumbuyo kwa kalasi maganizo ali kutali, ndipo timawatchula kuti ndi aulesi kapena ogona.

Mwana aliyense amachita zina mwa izi nthawi zina. Kuti dokotala anene kuti ndi ADHD, zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zitakhalapo kwa miyezi 6 kapena kupitirira, zikuoneka m'malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso zikumuonongera maphunziro kapena ubale wake ndi anthu. Mwana amene amavuta pamasamu pokha koma kwina konse ali bwino, vuto lake ndi lina.

Vutoli si lachilendo. Mu 1902 dokotala wa ana wa ku London, George Still, anafotokoza kale za ana anzeru zabwinobwino amene ankalephera kudzigwira. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti ana pafupifupi 5 mwa ana 100 aliwonse ali nalo. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 60 tingayembekezere atatu.

2. Chimayambitsa vutoli n'chiyani?

Mbali yakutsogolo ya ubongo imagwira ntchito ngati mabuleki a njinga. Ndiyo imatiuza kuti "dikira kaye", "maliza ichi usanayambe icho". Kuti mauthenga ayende bwino m'mbali imeneyi, ubongo umagwiritsa ntchito timadzi tiwiri totchedwa dopamine ndi noradrenaline. Mwa mwana wa ADHD mauthengawa sayenda mokwanira. Njinga ndi yabwino, wopalasa ali ndi mphamvu, koma mabuleki sagwira msanga.

Chifukwa chachikulu ndi cha kumtundu. Nthawi zambiri mukafufuza mupeza kuti bambo, mayi kapena amalume anali chimodzimodzi ali aang'ono. Zina zimene zimaonjezera chiopsezo ndi kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa sikelo, ndi kuvulala kwa ubongo.

Kuno kwathu pali chifukwa china chimene tiyenera kuchidziwa bwino, ndicho malungo aakulu ogwira ubongo, aja okomola mwana. Madokotala a Blantyre Malaria Project pa chipatala cha Queen Elizabeth anatsatira ana amene anachira ku malungo oterewa, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2010 zinasonyeza kuti ena mwa anawo pambuyo pake anayamba kudwala khunyu, ena anasintha khalidwe n'kukhala osakhazikika ndi aukali. Choncho ngati mwana wanu anasintha atachira malungo okomoka, muuzeni dokotala zimenezo. Apa tikuonanso kuti kugona m'neti ndi kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi kumateteza ngakhale maphunziro ake a m'tsogolo.

ADHD siyamba chifukwa cha kulodzedwa, shuga wambiri, kapena kulera molekerera. Si chizindikironso chakuti mwana alibe nzeru.

3. Zina zimene zimafanana ndi vutoli

Apa ndi pamene pali ngozi ya mapilitsi otumizidwa ndi achibale. Pali zinthu zambiri zimene zimalepheretsa mwana kutchera khutu m'kalasi, ndipo Ritalin sathetsa ngakhale chimodzi mwa izo:

Njala, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ana ena amabwera kusukulu osalawa kanthu.
Kuchepa kwa magazi, likodzo ndi njoka za m'mimba, zimene zimafooketsa thupi.
Kusamva bwino chifukwa cha mafinya a m'khutu, kapena kusaona bwino zolembedwa pabolodi.
Kusagona mokwanira chifukwa cha ntchito, mtunda wautali, mavidiyo kapena foni.
Mtundu wina wa khunyu umene mwana sagwa pansi koma amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika.
Chisoni cha maliro, kutha kwa banja, nkhawa, kapena nkhanza zimene mwana akuopa kuulula.
Kusuta chamba kapena kumwa mowa.

Mwana wa likodzo akufunika mankhwala a likodzo. Mwana wosaona akufunika magalasi. Mwana wa khunyu kapena wa nthenda ya mtima akapatsidwa Ritalin popanda kuyezedwa, mukhoza kumuonjezera mavuto. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

4. Tiyambire pati?

Yambani ndi ife aphunzitsi. Tidzalemba zimene timaona m'kalasi, ndipo tidzapempha mwalimu wa kumadrasa kuti nayenso alembe zake. Inu makolo mulembe kapena mukumbukire bwino zimene mumaona kunyumba: zinayamba liti, mwanayo anabadwa bwanji, anadwalapo chiyani.

Kenaka pitani ndi mwana ndi buku lake la kuchipatala kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi pa Chitedze, ku Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete. Kumeneko angathe kumuyeza magazi, mikodzo, maso ndi makutu. Akaona kuti pakufunika katswiri, adzakulemberani kalata yopita nayo mumzinda wa Lilongwe, kumene kuli madokotala a ana ku Kamuzu Central, a matenda a m'maganizo ku Bwaila, komanso bungwe la St John of God limene limagwira ntchito za umoyo wa m'maganizo. Kupita kumalo amenewa sikutanthauza kuti mwana wanu wachita misala. Ubongo ndi chiwalo ngati chiwindi kapena mapapo, ndipo uli ndi madokotala ake.

Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, otchedwa mhGAP, amati chithandizo choyamba ndi kuphunzitsa makolo njira zolerera mwana wotere ndi kugwirizana ndi sukulu. Mankhwala amabwera pambuyo ngati zimenezi sizinakwanire, kwa mwana wa zaka 6 kapena kuposa, ndipo moyang'aniridwa ndi katswiri. Choncho musakhumudwe mukabwerako opanda mapilitsi.

5. Mankhwalawa ndi otani?

Dzina lenileni la mankhwala amene ali mu Ritalin ndi methylphenidate. Concerta ndi dzina lina la malonda la mankhwala omwewa. Ali m'gulu la mankhwala odzutsa ubongo. Ena amadabwa kuti mwana wotakataka kale n'kumupatsiranji chodzutsa. Yankho ndi lakuti chimene chimadzutsidwa ndi mabuleki aja. Mankhwalawa amachititsa kuti dopamine ndi noradrenaline zikhalitse pamalo pamene minyewa ya ubongo imapatsirana mauthenga, ndiye mwana amatha kudzigwira.

Zimenezi zinadziwika mwangozi. Mu 1937 dokotala wa ku Rhode Island m'dziko la America, Charles Bradley, anapatsa ana mankhwala odzutsa ubongo otchedwa Benzedrine pofuna kuwachepetsera mutu, ndipo anaona kuti ambiri anayamba kukhazikika ndi kuchita bwino m'kalasi. Methylphenidate anapangidwa mu 1944 mumzinda wa Basel ku Switzerland ndi katswiri wina dzina lake Leandro Panizzon, ndipo dzina lakuti Ritalin linachokera ku dzina la mkazi wake, Rita.

Alipo a mitundu iwiri. Ena amayamba kugwira ntchito pasanathe ola limodzi ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola atatu kapena anayi, choncho amamwedwa kawiri kapena katatu patsiku. Ena amasungunuka pang'onopang'ono m'mimba kwa maola 8 mpaka 12, ndipo amamwedwa kamodzi m'mawa.

Kwa ana ambiri amene alidi ndi ADHD, mankhwalawa amachepetsa zizindikiro moonekeratu. Koma sachiza vutolo ngati mmene LA amachizira malungo. Amagwira ntchito ngati magalasi a maso: mphamvu yake ikatha, zizindikiro zimabwerera. Saphunzitsanso mwana kuwerenga kapena ulemu, zimenezo ndi ntchito yathu. Tidziwenso kuti akatswiri akupitirizabe kukambirana za ubwino wake pa nthawi yaitali. Mu 2019 ndi mu 2021 komiti ya WHO inakana kuika methylphenidate pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, ponena kuti umboni sunali wokwanira. N'chifukwa chake dokotala amaunika kamodzi pachaka ngati mwana akufunikabe kumwa.

6. Zimene dokotala ayenera kudziwa asanalembe mankhwala

Musabise kanthu. Muuzeni dokotala ngati mwana ali ndi nthenda ya mtima, anakomokapo kapena kumva kupweteka pachifuwa akuthamanga, kapena ngati m'banja mwanu munafapo munthu wamng'ono mwadzidzidzi popanda chifukwa chodziwika. Muuzeni za khunyu, kuthamanga kwa magazi, kuphethira kapena kugwedeza mutu kosadzifunira, nkhawa yaikulu, ndi matenda a m'maganizo a m'banjamo. Muuzeninso mankhwala ena onse amene mwana akumwa, kuphatikizapo ma ARV, a khunyu, a chimfine ndi azitsamba.

Dokotala adzayeza msinkhu, sikelo, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Onetsetsani kuti manambalawa alembedwa m'buku la mwana, chifukwa ndi amene adzafanizire nawo m'tsogolo.

7. Malamulo a kamwedwe

Dokotala amayamba ndi mulingo wochepa, kawirikawiri mamiligalamu 5 kamodzi kapena kawiri patsiku, n'kumakweza pang'onopang'ono pakapita sabata kapena kuposa. Mulingo woyenera umasiyana mwana ndi mwana, ngakhale akhale a msinkhu umodzi. Malamulo ake ndi awa:

Wopereka mankhwala akhale munthu wamkulu mmodzi wodziwika, ndipo aone kuti mwana wameza.
Mwana adye kaye phala kapena chilichonse chimene chilipo asanamwe, chifukwa mankhwalawa amachepetsa chilakolako cha chakudya.
Musaonjezere mulingo chifukwa chakuti lero wavuta kwambiri kapena mawa ali ndi mayeso.
Akaiwala kumwa, musamupatse awiri nthawi imodzi. Ngati dzuwa lapendeka kale, dikirani mawa, chifukwa akamwa madzulo sagona.
Mapilitsi osungunuka pang'onopang'ono amezedwe athunthu. Mukawaphwanya kapena mwana akawatafuna, mphamvu ya tsiku lonse imalowa m'thupi nthawi imodzi.
Apewe khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zogulitsidwa m'magolosale, chifukwa nazonso zimathamangitsa mtima.
Musasiye kapena kuyambiranso mankhwala popanda kuuza dokotala. Ana ena amapumira pa holide, koma zimenezi amakonza ndi dokotala.
Musagwiritse ntchito mapilitsi ngati chilango. Mawu akuti "tamwa mankhwala ako, wamisala iwe" amachititsa mwana kudana ndi chithandizo chake.

8. Zovuta zimene zingabwere

Zofala ndi kusafuna kudya masana, kuvutika kupeza tulo, mutu, kupweteka m'mimba, ndi kukwiya msanga madzulo mphamvu ya mankhwala ikamatha. Zambiri mwa izi zimachepa pakapita masabata angapo kapena dokotala akasintha mulingo. Ngati mwana sadya masana, musungireni nsima yake adye madzulo njala ikabwerera, ndipo muonjezereni mtedza, chiponde, mazira, nthochi kapena phala la soya.

Chifukwa cha kusadya bwino, ana ena amachepa sikelo ndipo amakula mochedwerapo pang'ono. N'chifukwa chake msinkhu, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi ziyenera kuyezedwa miyezi 6 iliyonse komanso mulingo ukasinthidwa, ndipo sikelo ya ana aang'ono iyezedwe miyezi itatu iliyonse. Mwana akamangokhala zii ngati wazizidwa, osaseka, osasewera, si kuti mankhwala agwira bwino. Nthawi zambiri ndiye kuti mulingo wakula, ndipo dokotala ayenera kudziwa.

Pali zizindikiro zina zosowa koma zoopsa. Mukaziona, musamupatsenso mankhwala ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku:

Kupweteka pachifuwa, kubanika, kukomoka, kapena mtima kugunda modumphadumpha.
Kugwa khunyu.
Kuona kapena kumva zinthu zimene palibe, kapena mantha aakulu osadziwika chiyambi chake.
Kulankhula zofuna kudzipweteka kapena kudzipha.
Kutupa milomo kapena nkhope, ndi zidzolo thupi lonse.
Kwa anyamata, kuuma kwa chiwalo chachimuna kopweteka kosatha kwa maola. Izi zimachititsa manyazi, choncho bambo kapena amalume amuuziretu mnyamatayo kuti zikachitika anene msanga.

Mwana wamng'ono akameza mapilitsi a mkulu wake, musadikire kuti muone zizindikiro. Tengani mwanayo ndi botolo lomwe, thamangani kuchipatala.

9. Kasungidwe ndi lamulo

Methylphenidate si Panado. Pangano la mayiko la United Nations la mu 1971 linamuika m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwapadera chifukwa anthu ena amawagwiritsa ntchito molakwika n'kuwazolowera. Ku South Africa komweko ali m'gulu la Schedule 6, ndipo sagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Kuno kwathu bungwe loyang'anira mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019.

Tiganize bwino za botolo lochokera ku Joni lija. Ngati ndi lenileni, ndiye kuti linalembedwera mwana wina, pa mulingo wa mwanayo. Ngati linagulidwa mumsewu, palibe akudziwa chimene chili m'kati mwake. Komanso wolinyamula kudutsa nalo pachipata cha dziko popanda zikalata akhoza kugwidwa. M'bale wathu ali ndi mtima wabwino, koma thandizo lake lingakhale laphindu akatumiza ndalama ya thiransipoti yopitira kwa dokotala. Mabanja amene akubwerera kumudzi ndi mwana amene anayamba kale mankhwalawa kunja abwere ndi kalata ya dokotala wa kumeneko, ndipo akaonane ndi dokotala wa kuno mapilitsi asanathe.

Kunyumba, sungani mankhwala m'botolo lake lomwelo, m'bokosi lokhoma, pamalo ouma osatentha. Werengani mapilitsi sabata iliyonse. Kuno kusukulu tagwirizana kuti wophunzira asamasunge mankhwalawa m'chikwama kapena m'chipinda chimene amachita lendi. Amene ayenera kumwa masana, kholo libweretse mankhwala ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi buku la kuchipatala. Adzasungidwa mokhoma, mphunzitsi mmodzi adzalemba tsiku ndi nthawi imene mwana wamwa, ndipo nkhaniyo idzakhala yachinsinsi.

10. Mawu kwa inu a Fomu 2 ndi Fomu 4

Tikudziwa mantha amene amabwera mayeso a JCE ndi MSCE akayandikira. Koma mvetsani izi. Kwa munthu amene alibe ADHD, mapilitsiwa amangochotsa tulo ndi kumupatsa maganizo akuti akuchita bwino. Saika m'mutu zimene simunawerenge. Ubongo umasunga zimene mwaphunzira pamene muli m'tulo, choncho wochezera usiku wonse amalowa m'chipinda cha mayeso manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga, zimene anawerenga zitabalalika. Ndipo ngati muli ndi vuto la mtima limene simukulidziwa, pilitsi limodzi la mnzanu likhoza kukugwetsani.

Inu amene dokotala anakulemberani mankhwalawa, ndi amana imene mwasungitsidwa. Musagawire mnzanu ngakhale akuchondererani, musagulitse. Wina akakuvutitsani kuti mumupatse, tiuzeni. Enanu, musamuseke mnzanu womwa mankhwala. Simuseka wovala magalasi kapena wa mphumu, ndiye uyu mumusekerenji?

11. Mwezi wa Ramadhani

Makolo ena afunsa ngati mankhwalawa sali m'gulu la zoledzeretsa. Zimene tinganene kumbali ya sayansi ndi zakuti pa mulingo wa dokotala, womezedwa monga mwa malangizo, mwana saledzera ndipo nzeru zake siziphimbika. Kumwa ambiri kapena kumwa popanda matenda pofuna kumva kukoma ndi nkhani ina, ndipo n'koopsa. Amene ali ndi chikaiko, kuphatikizapo pa zimene amapangira makapisozi, afunse wopereka mankhwala kenaka akambirane ndi ashehe.

Pa za swaumu, mwana amene sanathe msinkhu sakakamizidwa kusala, ndipo Surat Al-Baqarah imapereka chilolezo kwa odwala. Koma achinyamata ambiri amafuna kusala pamodzi ndi anzawo, ndiye pafunika kukonzekera. Kumeza pilitsi masana kumamasula swaumu, choncho mulingo wa masana sungatheke. Kumwa pa futari kumaononga tulo ndi chilakolako cha chakudya pa nthawi yokhayo imene mwana angadye. Kumwa pa daku kumatanthauza kuti mphamvu yake idzatha msanga kuposa masiku onse. Njira iliyonse ili ndi zovuta zake, ndipo woyenera kusankha ndi dokotala pamodzi ndi banja. Pitani kukaonana naye m'mwezi wa Shabani, musadikire kuti mwezi uoneke. Mwana wosala akuyenera kudya mokwanira pa daku asanameze mankhwala, kumwa madzi ambiri usiku, ndi kuyezedwa sikelo mwezi ukatha. Akayamba chizungulire chachikulu kapena mtima kuthamanga, amasule.

12. Chithandizo chimene sichili m'botolo

Ana ambiri a kuno sadzamwa mankhwalawa, ndipo amene adzamwe adzafunikabe izi.

Kunyumba, mutchuleni dzina, akuyang'aneni, kenaka mumuuze chinthu chimodzi chokha, ndipo abwereze zimene mwanena. Nthawi yodzuka, yodya, yowerenga ndi yogona ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse. Homuweki aichite m'zigawo za mphindi 10 kapena 15, n'kumapumira. Mupatseni ntchito zotulutsa mphamvu monga kutunga madzi, kuthirira dimba ndi mpira. Akachita bwino muyamikireni pompo, ndipo mutchule chimene wachita. Mwana wotere amamva mawu odzudzula kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo mapeto ake amakhulupirira kuti ndi woipa. Ndodo imamuphunzitsa mantha ndi bodza, koma siikonza mabuleki.

M'kalasi, ife tidzamukhazika kutsogolo, kutali ndi zenera, tidzamugawira ntchito m'zidutswa, ndipo tidzamutuma kufufuta bolodi kapena kugawa makope kuti apeze mpata woyenda. Tidzafunsanso nzeru kwa aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, pempho lathu ndi lakuti mukambirane ndi aphunzitsi a kumadrasa. Mwana wotere amaloweza bwino akapatsidwa ndime zifupizifupi, kubwereza mokweza, ndi kuloledwa kuimirira pang'ono. Mphamvu zake zikhoza kugwira ntchito poyala mikeka ndi kudzaza madzi a wudhu. Musamuthamangitse, ndipo musalole kuti mayi ake azinenedwa kuti analephera kulera. Ngati pali banja limene likulephera kupeza ndalama yopitira ku Lilongwe, ganizirani mmene thumba la sadaka lingathandizire. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana kunyumba ndi m'kalasi

1. Tchulani zinthu zinayi zimene dokotala amayang'ana asananene kuti mwana ali ndi ADHD.
2. Tchulani mavuto atatu amene amafanana ndi ADHD koma chithandizo chake ndi china.
3. N'chifukwa chiyani pilitsi losungunuka pang'onopang'ono siliyenera kuphwanyidwa?
4. Mnzanu akukupemphani pilitsi limodzi kuti awerengere mayeso. Mumuyankha chiyani?
5. Ndi zizindikiro ziti zimene zimafuna kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo?

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 alembe mayankho awo m'makope a Biology, ndipo tidzakambirana sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi, Insha Allah. Kholo lililonse limene laona mwana wake m'zimene tafotokozazi libwere ku ofesi tsiku lililonse la sukulu, kapena lilankhule ndi mphunzitsi wa kalasi ya mwanayo pambuyo pa swala ya Lachisanu. Mubwere ndi buku lake la kuchipatala.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Aphunzitsi a dipatimenti ya sayansi